Timba wa pa Cousin, mbalame yokana kuwoloka nyanja

Ndinakhala chaka chathunthu ku Praslin, chimodzi mwa zilumba za dziko la Seychelles, ndisanapondeko pakachilumba koyandikana nako ka Cousin. Ndimangokaona patali kachilumbako ndikakwera basi ya m'mawa, kobiriwira bii, kokhala ngati chulu chimene chamera pakati pa madzi. Ntchito yanga ku Seychelles inali ya mu sitolo ya hotelo ina, kuwerenga makatoni a mafuta ophikira ndi matumba a mpunga, kulemba zolowa ndi zotuluka, madzulo kutumiza kangachepe kumudzi, basi. Za mbalame sizimandikhudza olo pang'ono. Amene anandikoka ndi mnzanga wa kuntchito, mwana wa komweko, amene msuweni wake amagwira ntchito ya ulonda pachilumbapo, anangoti tsiku lako lopuma likagwera mkati mwa sabata undiuze, ndikakuonetse mbalame imene inagulitsa chilumba. Ndinamufunsa kawiri kuti akutanthauza chani, iye anangoti ukaona konko.

Kufika kwake kokha ndi nkhani. Boti imene mwakwera kuchokera ku Praslin siiloledwa kugunda pamchenga wa pa Cousin, imaima panyanja, nde alonda amabwera ndi kaboti kawo kudzakutengani pang'onopang'ono. Akakunyamulani amakuuzani kuti mugwiritse, kenako woyendetsa amadikira funde labwino nkuponda injini mwamphamvu, kabotiko kamathamanga mpaka kukwera pamtunda penipeni pamchenga. Ine mtima unali m'khosi. Chifukwa chake chosinthira maboti ndi chimodzi chokha: makoswe. Pa Cousin palibe khoswe, palibe mphaka, ndipo khoswe mmodzi wamkazi wa bere atangotsika mu boti ya alendo, ntchito ya zaka makumi asanu itha kuthera pompo. Ine wokulira m'nyumba ya udzu momwe makoswe amathamanga kudenga usiku onse, zinanditengera nthawi kumvetsa kuti kuli malo padziko pano kumene khoswe amaopedwa kuposa njoka.

Mukangolowa m'nkhalango udzudzu umakulandirani, wambiri zedi, masanasana. Koma simuchedwa kuuiwala chifukwa cha zimene maso akuona. Mbalame za kumeneko sizidziwa kuthawa munthu. Ina yoyera ya mchira wautali yakhalira dzira lake pansi penipeni patsinde la mtengo, mukudutsa phazi lanu pafupi iyo ingokuyang'anani. Ina yoyera mbee imaikira dzira panthambi yopanda chisa, dzira lokhalokha pamphanda, mphepo ikuwomba koma osagwa. Akamba akuluakulu onga mitondo akudya masamba m'mbali mwa njira. Ndinakumbuka legeni yanga ya ku Thyolo, ndi ulimbo umene timapaka patimitengo kudambo, ndipo ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa kwathu mbalame iliyonse imabadwa ikudziwa kale kuti mwana wa munthu ndi mdani. Za ulimbo zomwezi, mtengo umene wadzadza pachilumbapo, akatswiri amautcha Pisonia, anthu a kumeneko amati bwa mapou, njere zake zimamata ngati ulimbo womwewo, moti mbalame za m'nyanja zina zimamatidwa nazo nthenga mpaka kulephera kuuluka nkufera pansi. Alonda akazipeza zili moyo amakhala pansi nkumazichotsa njerezo imodziimodzi.

Tili mkati moyenda mlonda uja anaima nkuyamba kuimba kamluzu kotsika, kenako kumapsompsona kumbuyo kwa dzanja lake. Sipanathe mphindi, kambalame kanatera panthambi pamwamba pa mutu wanga. Ndinene zoona, ndinakhumudwa. Kakang'ono, kotuwa mobiriwira pang'ono kumsana, kumimba kotumbuluka, kamlomo kosongoka, kutalika kwake masentimita 14, kulemera kwake magalamu 15 kapena 16, ndiye kuti supuni imodzi ya shuga yodzadza bwino. Kwathu kotereka timangoti timba, ndipo sitimutaira mwala wabwino. M'Chikiliyo, chilankhulo cha kumeneko, amati timerl dezil, azungu amati Seychelles warbler, m'mabuku a sayansi ndi Acrocephalus sechellensis, koma ine kuyambira tsiku limenelo ndimangomutcha timba wa pa Cousin. Anatiyang'ana mopendeketsa mutu, kenako anayamba kuimba, nyimbo yake yoyera bwino ngati munthu amene akuimba mluzu akutsuka mbale, yosafulumira. Kumiyendo kwake anavala timphete, kamodzi kachitsulo, titatu tamitundu. Mlonda anati pafupifupi timba aliyense pachilumbapo ali ndi timphete take tosiyana ndi ta mnzake, ndipo pali buku lolemba kuti uyu anabadwa liti, mayi ake ndani, amakhala dera liti, kubwerera m'mbuyo mibadwomibadwo. Ine amene sindidziwa chaka chimene agogo anga anabadwa, ndinangoti kukamwa yasa.

Nkhani ya kugula chilumba ija ili chonchi. Zilumba za Seychelles kunalibe anthu okhazikika mpaka Afalansa atafika mu 1770 ndi akapolo awo, ambiri ochokera ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1835 eni minda anatembenukira ku kokonati chifukwa safuna manja ambiri ngati thonje, nde chilumba ndi chilumba nkhalango zinagwetsedwa, m'malo mwake mizere ya mitengo ya kokonati, pansi posesedwa bwinobwino. Makoswe ndi amphaka anabwera ndi masitima omwewo. Timba uyu chakudya chake ndi tizilombo timene amatitola kunsi kwa masamba a mitengo yachilengedwe, ndiye munda wa kokonati kwa iye ndi chipululu olo ukhale wobiriwira chotani. Anatha ku zilumba zina zonse kumene ankapezeka, nkutsala pa Cousin pokha, kachilumba kosakwana mahekitala 30, ndipo ngakhale pamenepo anapanikizika m'kadambo ka mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope a madzi amchere, poti pamenepo pokha ndi pamene panalephereka kudzala kokonati. M'zaka za m'ma 1960 owerenga anapeza atimba osakwana 30, nambala imene imatchulidwa kwambiri ndi 26. Dziko lonse lapansi, 26. Kalasi ya sitandade 1 kwathu imakhala ndi ana kuchulukitsa kanayi pamenepo.

Mu 1968 bungwe loteteza mbalame la International Council for Bird Preservation, limene pano ndi BirdLife International, linasonkhetsa ndalama nkugula chilumba chonsecho chifukwa cha kambalame kameneka. Chimene ndimachikonda pankhaniyi nchakuti sanachite zamatsenga ayi. Sanamutsekere mu khola, sanamupatse mankhwala. Anangosiya kulima, nkumachotsa kokonati, makamaka timbande timene timaphuka tokha, nkulola kuti tchire libwerere. Mitengo ya bwa mapou inakula, tizilombo tinabwerera, atimba anatuluka m'kadambo kaja nkumwazikana. Pofika 1982 anali atakwana cha m'ma 320, ndipo anaima pomwepo. Mpaka lero nambala ya pa Cousin imangozungulira pamenepa, chifukwa chilumba chinadzadza, chinagawika m'timadera toposa pang'ono 100, kalikonse kali ndi eni ake amene amakatchinjiriza chaka chonse, palibe kamalo kotsala olo kotambalala ngati mphasa.

Apa nde ndinafunsa funso limene aliyense amafunsa, kuti nanga si mbalame, ili ndi mapiko, bwanji osauluka kupita kwina. Mutaima pagombe la Cousin chilumba cha Cousine mumachiona apo, makilomita osakwana 2, Praslin nayonso ili pafupi chimodzimodzi. Namzeze amachoka ku Ulaya nkudzafika kwathu kuno chaka ndi chaka. Abale ake enieni a timba ameneyu, a mtundu womwewo wa Acrocephalus, amawoloka chipululu cha Sahara nkudzaimba m'mabango a kwathu nthawi ya dzinja. Koma iye ayi. Ofufuza anatsatira atimba 1,924 ovala timphete kwa zaka zambiri, ndipo amene anawoloka madzi kupita chilumba china anali awiri okha. Anayeza mapiko ake, anayeza minofu ya pachifuwa, napeza kuti palibe chimene chinalumala, mphamvu zoulukira ali nazo ngati abale ake oyenda maulendo aja. Kungoti akafika pamene mitengo yathera ndipo kutsogolo kuli madzi okhaokha, amabwerera. Makolo ake akalekale anachita kuwoloka nyanja kuti afike kumeneko, palibe njira ina, koma penapake m'mibadwo mtima wowoloka uja unazima, mwina poti amene amayesa ambiri amathera m'madzi, otsala pamtunda ndi amene amasiya ana. Izi zimandikhala m'mutu mpaka lero, ndikamaganiza za mbalame imene itha kufa osaswapo chikhalirecho malo abwino ali patsidya pomwepo, ikuwaona ndi maso tsiku lililonse.

Nde poti malo kulibe ndipo kuwoloka sawoloka, ana akakula amatani? Mlonda uja anatilozera kachisa kokhala ngati kapu pamphanda ya mtengo, nkutiuza kuti tidikire. Panabwera timba mmodzi ndi kachilombo kukamwa, anadyetsa mwana, nkupita. Panabwera wina wa timphete tosiyana. Kenako wachitatu. Anati woyambayo ndi mayi, winayo bambo, wachitatuyo ndi mwana wawo wamkazi wa chaka chatha, sanachoke pakhomo, akuthandiza kulera mng'ono wake. Timba ameneyu nthawi zambiri amaikira dzira limodzi lokha, ndipo mwana akatuluka m'chisa amadyetsedwabe mpaka miyezi itatu, nthawi yaitali zedi kwa kambalame kotere, nde dzanja lachitatu limathandiza kwambiri. Dziralo nalonso silisiyidwa lokha chifukwa pali kambalame kena kotchedwa toktok ndi abuluzi amene amangodikira kuti mwini wake atembenuke. Othandizawo ambiri amakhala ana aakazi. Aamuna amakonda kuchoka kukasaka malo, kumazembazemba m'malire a eni ake kudikira kuti wina afe.

Sindinamvenso zimene ananena pambuyo pake, chifukwa maganizo anga anali atafika kale kumudzi, kwa achemwali anga.

Ife tinabadwa asanu, iwo oyamba, ine wachinayi. Bambo atamwalira mayi anayamba kukathyola tiyi ku esiteti, kuchoka kusanache kubwera dzuwa litapendeka, ndipo achemwali anasiya sukulu ali sitandade 7, anali anzeru kuposa tonsefe, masamu amachita kundiphunzitsa ndi kamtengo pansi mpaka ndili fomu 1. Ndi iwo amene amatisambitsa, kutiphikira phala, kundibereka kupita nane kuchipatala nditadwala chikuku. Kwathu ndi kwa chikamwini, mwana wamkazi ndiye mwini mudzi, amuna timapita. Koma munda wa mayi unali kachigamba kamodzi kotsetsereka, mbali iyi malire a amalume, mbali inayo mizere ya tiyi mpaka kumene maso alekezera, ndipo mwamuna amene anabwera kudzafunsira achemwali anayang'ana kamundako, anayang'ana ana anayife, sanabwerenso. Anadzakwatiwa mochedwa, tonse titachoka. Moyo wanga onse ndakhala ndikuuza anthu kuti achemwali anga ndi munthu wa mtima wabwino, anadzipereka chifukwa cha ife, ndipo ndi zoona. Koma sindinadzifunsepo kuti kukanakhala munda wina, sukulu ya ulere nthawi imeneyo, khomo lina lotseguka, akanasankha chani iwo eni.

Funso limeneli pa atimba linayankhidwa. Munthu wina wa ku Netherlands, Jan Komdeur, anayamba kuwafufuza mu 1985, ndipo mu 1988 iye ndi anzake anagwira atimba 29 nkuwasamutsira pachilumba cha Aride, chimene chili ndi nkhalango yabwino, chopanda makoswe, koma chinalibe timba olo mmodzi. Cholinga chinali chakuti mtundu onse usakhale pamalo amodzi, poti moto umodzi kapena matenda amodzi atha kumaliza zonse. Mu 1990 anasamutsanso ena 29 kupita pa Cousine. Zimene zinachitika nzakuti atimba aja atangomasulidwa, ngakhale amene kwawo anali othandiza chabe, aliyense anapeza mnzake, anagwira dera lake nkuyamba kumanga chisa. Ana amene anabadwira kumeneko nawonso samakhalitsa pakhomo, amati akangokula nkuchoka kukayamba banja lawo. Panalibe wothandiza ndi mmodzi yemwe. Ku Cousin nakonso, malo amene anasiyidwa ndi osamutsidwawo anadzadza m'kanthawi kochepa, othandiza a m'madera oyandikana anathamangirako. Khalidwe lothandiza lija linadzayambiranso pa Aride patapita nthawi, madera abwino atayamba kutha. Ndipo anaonanso kuti mwana wobadwira dera la chakudya chambiri amalolera kukhala pakhomo kusiyana nkukatenga dera louma la m'mphepete mwa nyanja kumene mphepo yamchere imawaula masamba, pomwe wobadwira dera losauka sachedwa kunyamuka.

Chodabwitsa kwambiri chinatuluka mu 1997. Komdeur ndi anzake atayeza magazi a tiana ta m'zisa anapeza kuti mayi amakhala ngati akusankha mwana woti abereke. Mabanja opanda wothandiza okhala m'madera osauka, ana 77 pa 100 alionse anali aamuna, oti akakula achoke asadzapikisane ndi makolo pa chakudya chochepacho. Mabanja opanda wothandiza okhala m'madera achonde, aamuna anali 13 okha pa 100, ena onsewo aakazi, oti adzakhale nkuthandiza. Banja likakhala kale ndi othandiza awiri kapena kuposa, limabwereranso ku ana aamuna, chifukwa manja akachulukitsa pachisa pamakhala kupondana. Ndipo mayi yemweyo akasamutsidwa kuchoka dera losauka kupita lachonde amasintha, kusiya aamuna kuyamba aakazi. Kambalame kolemera ngati supuni ya shuga. Paja akulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ine mwambi umenewu ndinaumvetsa kachiwiri nditaima pansi pa mtengo wa bwa mapou.

Masiku otsatirawo ndinavutika nazo mumtima, ndisabise. Ndikuwerenga makatoni mu sitolo muja ndimangoti ndiye kuti chikondi chonse chija ndi kusowa kolowera basi? Zinandipweteka ngati wina wanyoza achemwali. Koma nditaziganiza bwino ndinaona kuti palibe chimene chachotsedwa. Timba wothandiza uja kachilombo amakapereka ndithu, mwana amakhuta ndithu, ndipo ofufuza a ku University of East Anglia ndi ku Groningen anapeza kuti mayi amene ali ndi womuthandiza amakalamba mochedwa, amakhala zaka zochulukirapo. Mayi anga ali moyo mpaka lero, ndipo ndikudziwa amene anawasungira zakazo. Kungoti ine ndimakonda kuinena nkhaniyo mbali imodzi yokha, ya mtima wabwino, chifukwa mbali imeneyo siindifunsa kanthu. Mbali inayo, yakuti munthu anali ndi mapiko ake koma panalibe potera, imandifunsa kuti nanga iwe amene unawoloka nyanja mpaka kufika kuno unawoloka ndi mphamvu za ndani.

Sindikufuna kumusandutsa munthu timbayu, ndi mbalame, ili ndi zake zimene sizigwirizana ndi nthano yokoma. Wofufuza wina, David Richardson, ndi anzake atayeza magazi anapeza kuti ana pafupifupi 40 pa 100 alionse bambo awo si mwamuna wa pakhomopo, ndi wa dera lina. Ena mwa aakazi othandiza aja amaikira dzira lawo m'chisa cha mayi awo momwemo, ndiye kuthandizako penapake akulera wawo yemwe. Palinso agogo: mayi wokalamba akalandidwa udindo ndi wamng'ono, nthawi zina sachoka, amakhala pomwepo nkumadyetsa zidzukulu. Zonsezi zinadziwika chifukwa cha kukana kuwoloka komwe kuja, poti mbalame imene sichoka pachilumba utha kuitsatira kuyambira m'dzira mpaka tsiku lakufa, ukapanda kuiona ndiye kuti yafa basi. Ambiri amakhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, koma alipo amene anafika 17.

Kusamutsa kuja kunapitirira. Mu 2004 atimba 58 anapita pachilumba cha Denis, atamaliza kupha makoswe kumeneko, ndipo pasanathe sabata ena anali atayamba kale kumanga zisa. Sizinayende zonse bwino, ku Denis kunali mbalame yobwera yochokera ku India yotchedwa myna imene imajompha atimba aakazi pamutu ali pamazira, mpaka anthu anachita kuithetsa nayonso pachilumbapo. Mu 2011 ena 59 anapita ku Frégate pa helikopita, kugwidwa m'mawa, kumasulidwa tsiku lomwelo. Pano atimbawa alipo cha m'ma 3,000 pazilumba zisanu, ambiri mwa iwo pa Aride, ndipo mu 2015 bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linawachotsa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yakutha nkuwaika m'gulu la zongoyandikira ngoziyo. Cousin imayang'aniridwa ndi Nature Seychelles, bungwe la anthu a komweko, ndipo ndalama zimene alendo timalipira potsika paja ndi zimene zimayendetsa ntchito. Chipsera chokha chinatsala m'magazi, chifukwa onse 3,000 aja anachokera kwa makolo ochepa aja, ndipo atayerekeza ndi zikopa zakale zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale ku Ulaya anapeza kuti gawo ndithu la kusiyanasiyana kwa mtundu wawo linapita osabwereranso. Kupatula awiri aja amene anawoloka okha, ulendo uliwonse wa pakati pa zilumba zisanuzo unachitika m'bokosi, m'manja mwa munthu.

Mlonda uja anatiuzanso za timba wina amene sanapeze womunyamula. Kutali kumwera chakumadzulo, m'dziko lomwelo la Seychelles, kuli chilumba cha Aldabra, ndipo kumeneko mu 1967 anapeza kambalame kamene sayansi sinkakadziwa, ka mchira wautali, kokhala m'kachigawo kopyapyala ka tchire m'mphepete mwa nyanja. Kanaonedwa komaliza mu 1983, kamuna kamodzi. Zaka 16 zokha kuchokera pamene kanadziwika. Nditabwerera kuchipinda changa usiku umenewo nkuyamba kufufuza pa foni, ndinapeza chinthu chimene sindimayembekezera: mmodzi mwa awiri amene anakapatsa dzina kambalame ka ku Aldabra mu 1968 anali C. W. Benson, amene anagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Nyasaland zaka zambiri ndipo iye ndi mkazi wake anatulutsa buku la mbalame za m'Malawi mu 1977. Ndipo Benson ameneyu kwa zaka zambiri amayenda ndi Jali Makawa, Mlomwe mnzathu, munthu amene amadziwa mbalame ndi khutu, wotha kuitana mbalame poyerekeza kulira kwake, amene anafika naye mpaka ku zilumba za Comoro mu 1958. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali ndikuganiza kuti ine ndinakulira dera limodzi ndi anthu a mtundu wa munthu ameneyu koma dzina lake ndadzalimvera pakati pa nyanja ya India, kusukulu sanatiuzepo.

Ndipo phiri la Thyolo limene ndinkaliona ndili mwana lili ndi nkhalango yakuda bii pamwamba, pano ndi minda ya chimanga mpaka kunsonga. M'nkhalango imeneyo munali mbalame imene dziko lonse limaitchula ndi dzina la kwathu, Thyolo alethe, imene imangokhala m'nkhalango za pamwamba pa mapiri ochepa a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique. Kwa iyo phiri lililonse ndi chilumba, minda ya pakatiyo ndiye nyanja. Sindingawaloze chala amene analima phirilo, ndi abale anga, ndi anthu amene kachigamba ka mayi awo kanawachepera ngati mmene kanatichepera ife. Pa Cousin zinatheka kugula chilumba chonse chifukwa panalibe mudzi wa anthu masauzande oti asowe kolowera. Kwathu timba ndi munthu akulimbirana mphasa imodzi.

Lamulungu lotsatira ndinawaimbira achemwali. Netiweki kumudzi imavuta, amachita kukwera pachulu cha kuseri kwa khola. Nditatha kufunsa za mayi ndi za feteleza ndinayamba kuwafotokozera za mbalameyo, za dzira limodzi, za mwana wamkazi amene amatsala pakhomo, za 29 aja amene anawanyamula kupita nawo ku Aride nkuyamba mabanja awo nthawi yomweyo. Ndimaopa kuti aseka, kapena anena kuti mayunitsi akuthera nkhani za atimba. Anangokhala chete, ndimangomva mbuzi ndi mphepo.

Kenako anati, "Nde amene amawanyamulawo amasankha bwanji, achimwene? Amatenga aliyense wagwidwa mu ukonde, kapena amayang'ana amene wakhalitsa pakhomo?"

Ndinati sindinafunse. Ndinati achemwali, inuyo mukanapitiriza sukulu mumafuna kudzakhala ndani. Zaka zonsezi ndinali ndisanawafunsepo.

Anati unamwino. Anayankha msangamsanga, ngati munthu amene yankho analisunga pafupi. Anati fomu yolembera mayeso a sitandade 8 aphunzitsi anali atawalonjeza kale kuti adzawalipirira, ndipo kope lawo la sayansi likadali m'sutikesi ya mayi, lija la chikuto cha pepala la simenti. Kenako anati mwana wawo wamkazi, amene ali fomu 3 pano, akuti masamu akumuvuta, ndipo ndikamadzabwera pa Khirisimasi ndidzamubweretsere kakyuleta yeniyeni, osati zija za pamsika zimene zimafa mabatani.